Dzanja langa ndi mfundo ya chitenge

Ba Abusa, azimayi, azibambo, ndi inu achinyamata kumbuyo uko, moni m'dzina la Ambuye. Nane lero ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, lilime likali lolemera pang'ono.

Ambiri mudziwa kuti chaka chatha sitroko inandigwetsa pamsika ndikugulitsa tomato. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja ili linakana. Zala zinali kugwedera ndithu, koma ntchito zinaiwala. Ine amene ndinapapa kumsana ana anga onse m'nyumba za njanji, ndinalephera kumanga mfundo ya chitenge. Mfundo chabe, abale.

Nthawi yomweyo mpongozi wanga anabala mwana wamkazi. Iye asewenza ku Lusaka, achoka m'mawa, abwera madzulo. Tsiku lina anagwada nati, "Amama, tchuthi ikasila mwana tizamupeleka kwa amai anga ku Kitwe. Imwe simungakwanise kumupapa, angagwe." Sananene mwachipongwe, ananena zoona. Koma zinandiwawa, zinandiwawa kwambiri.

Kuchipatala ku Lusaka, kumene ndinali kupita kukaphunzitsa dzanja, ba dokota anandiuza za njira yatsopano. Amamata timawaya pamutu, ndiye malaiti ochepa kwambiri amafika mkati mwenimweni mwa ubongo, pamene thupi limasunga zimene laphunzira. Osang'amba, osaboola. Ine malaiti ndimawadziwira pa ayironi, ndiye ndinafunsa, "Sadzandiwotcha nzeru?" Anaseka. Atayatsa, ndinangomva kunyerenyetsa m'tsitsi.

Ndinali kuganiza kuti ndizingokhala phee ngati foni pa chaja, dzanja n'kudzaza lokha. Ba dokota anati, "Iyayi amai. Makina awa athandiza chabe ubongo kugwira chimene dzanja libwereza. Mukapanda kubwereza, palibe chogwira. Ndipo sitilonjeza, njira ikali yatsopano." Anandipatsa timitengo tolowetsa m'mabowo. Ndinati, "Mwana wanga, ine sindinabwerere timitengo." Ndinamasula chitenge n'kuwafotokozera za mdzukulu wanga. Kuyambira pamenepo zinali mawaya kumutu, chidole kumbuyo, kumanga ndi kumasula.

Kunyumba chidole kulibe, ndiye ndinatenga kasaka ka unga. Kupapa, kumanga, kugwa. Kupapa, kumanga, kugwa. Kwathu kuno ku Estates mbiri inabuka kuti malaiti aja awononga amai mutu, manje apapa unga pabwalo. Ena amene munanena muli muno, musawerame, sinditchula munthu. Mlongo wina mpaka anabwera kudzandipempherera kuti misala ituluke. Pemphero ndinalandira, koma unga sindinatsitse.

Abale, ine ndinapempha Mulungu kuti andichiritse kamodzi n'kamodzi. Iye anandibweza kusukulu ndi imvi zangazi. Masiku ena ndinalira, chifukwa dzulo mfundo yagwira, lero yakananso. Mukandifunsa kuti anagwira ntchito ndi makina, kapena kubwereza, kapena maondo anu, sinditha kugawa. Ba dokota nawonso ati sangagawe. Koma ndimudziwa amene anasiya malo ophunzirira mu ubongo wa nkhalamba.

Linafika tsiku lolongedza katundu wa mwana. Ndinapapa unga wanga, ndinasesa pabwalo, ndinawerama kutsuka mbale, mpongozi akuyang'ana pakhomo. Kenaka anabwera n'kugwira mfundo ija. Anakoka, anakokanso mwamphamvu, siinamasuke. Anaimasula yekha, anatsitsa unga pansi nati, "Weramani, amama." Ndinamva kutentha kwa mwana pamsana panga.

Mwana ku Kitwe sanapite. Ndi uyu mumuona wagona kumbuyo kwangayu, ndipo mfundoyi ndamanga ndekha m'mawa uno. Ndithokoza Ambuye, ndithokoza ba dokota, ndithokoza mpongozi wanga amene wakhala apo. Manje imirirani musangalale nane. Lululutani azimayi, musaope kumudzutsa. Akalira, womutonthoza ndine. Ameni!