Khutu la Kavalo Wofiira

Pachipata cha bwalo la masewera a ana mumzinda wa Gifu, a Shimomura anaima pambali pa mzere, chipewa chili m'manja, atawakaniza tikiti. Mayi wina wogwira kamwana padzanja anawafunsa:

"Agogo, akubwezani?"

"Akuti wamkulu wopanda mwana salowa. Sindikuwada ayi, dziko linaipa. Koma akavalo amatabwa ozungulira aja ndinasema ndine, ndipo mawa akuwazula. Ndimati ndikawatsanzike."

"Inuyo? Ngakhale wofiira uja, wa khutu limodzi?"

"Anali ndi awiri, mayi! Kamtsikana kena kosamva kanalendewera pakhutupo mpaka thyo! Ndinakathamangitsa kukafika pogulitsa mbatata zootcha paja, koma kanandisiya."

"Kanavala nsapato zachikasu?"

"Imodzi kanaitaya pothawa. Mwadziwa bwanji?"

"Amayi anga anandikalipira sabata yathunthu chifukwa cha nsapato imeneyo. Chinatsu, gwira dzanja la agogowa, ulowe nawo."

"Aa, mayi, mwana sapatsa munthu wosamudziwa."

"Wosamudziwa? Munthu woti anandithamangitsa zaka makumi atatu zapitazo? Tiyeni, agogo. Khutu lanu lija ndikadali nalo m'kabati."