A Khutu, Amene Ankasaka Mawu Akutali

Malemu athuwa, amene ambiri a inu munkawadziwa ndi dzina loti a Khutu, anabadwa pa 9 Juni 1951 m'nyumba ya chipinda chimodzi, pamdadada wa nyumba za ogwira ntchito panjanji. Anali achiwiri m'banja la ana anayi, ndipo abale awo onse atatu anatsogola kale. Ine ndaima panoyu ndine mlamu wawo, mlongo wa mayi amene atsala okhawa. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo mayiwa andilamula kuti ndisaipake mafuta. Akuti pamene pali bala ndinene kuti ndi bala.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1958. Mu 1965 bambo awo anapanikizidwa pakati pa mabogi awiri a sitima ali pantchito, namwalira tsiku lomwelo. Mwezi usanathe banja linauzidwa kuti lituluke m'nyumba ija, ndipo sukulu inathera pomwepo. Mu 1966 analowa ntchito pamalo ophika buledi. Anayamba ndi kukwecha mathireyi ndi kusenza matumba a ufa, kenako anaphunzira kukanda, mpaka anapatsidwa uvuni. Amene munagwirana nawo chanza mukukumbukira zipsera za m'mikono yawo. Zinali za chitseko cha uvuni.

Mu 1971 mwini malowo anafuna kutaya wailesi yakale ya bokosi lathabwa, malemu n'kuipempha. Ndi pa wailesi imeneyi pamene anatulukira chinthu chimene chinadzakhala chimwemwe chawo ndi tsoka lawo. Kumbali ya AM, masana kumamveka masiteshoni apafupi okhaokha. Koma dzuwa likangolowa, komanso m'bandakucha, pakati pa phokoso pamatuluka mawu ochokera kumayiko akutali kwambiri, ena a kutsidya kwa nyanja. Mawuwo amabwera, n'kuzimirira, n'kubweranso. Malemu anamanga waya wautali kuchokera pawindo mpaka pamtengo wa kuseri kwa nyumba. Ankakhala pampando, khutu atatsamiza pa wailesi, n'kumasuntha singano pang'onopang'ono ngati munthu wochotsa munga kuphazi la mwana. Zinenero zake sankazimva. Chimene ankadikira ndi chakuti wolengeza atchule dzina la siteshoni kapena la mzinda wake. Akalimva ankadzuka n'kuwomba m'manja okha. Anzawo a ku uvuni ndiwo anawapatsa dzina loti a Khutu.

Pa 21 Ogasiti 1976 anakwatira mlongo wanga, amene anali telala. Ine ndinamuchenjeza kuti akulowa m'nyumba momwe muli kale mkazi wamkulu, wabokosi lathabwa, wosaphika koma wolongolola. Iye anaseka, nalowa. Sipanapite nthawi anayamba kudandaula kuti mapini ake osokera akutha. Anadzawapeza pakhoma. Amuna ake anali atapachika mapu a dziko lonse, ndipo mzinda uliwonse umene aumva ankabayapo pini. Mu 1977 kunabadwa mwana wawo wachisamba, wamwamuna. Mu 1979 kunabadwa wamkazi, amene wakhala pambali pa mayi akeyo, ndipo mu 1982 kunabadwa chitsiriza, wamkazinso.

Achinyamata simungadziwe mmene zinthu zinalili zaka zimenezo. Munthu ankayamba wacheuka asanalankhule. Wina, amene mpaka lero sitimudziwa, anakanena kuti pali wophika buledi amene ali ndi waya padenga ndipo amalankhulana ndi adani a kunja. Pa 3 Malichi 1984, masana dzuwa likuswa mtengo, malemu anatengedwa pa uvuni ufa uli m'manja, buledi ali pamoto. Kunyumba kunasechedwa. Anatenga wailesi, waya ndi mapu aja. Mapini a telala anasanduka umboni. Malemu anafunsidwa kuti anthu a m'mizinda yobayidwayo ndi ayani, ndipo amawauza zotani. Malemu anayankha kuti wailesi yawo ilibe pakamwa, imangomvera. Yankho limeneli silinakondweretse. Ankawamenya ndi zikhatho m'makutu onse awiri nthawi imodzi, mpaka magazi. Mlandu sunazengedwe.

Kunja kuno nako zinali zowawa. Amene ankasoketsa zovala kwa mlongo wanga anayamba kudutsa tsidya lina la msewu. Mwini nyumba anawathamangitsa. Ndinawasunga m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba yanga, ka simenti yozizira ndi windo lopanda galasi, chifukwa ndiko kokha ndinali nako. M'nyengo yozizira ya 1985 chitsiriza uja anadwala chibayo. Tsiku limene matendawo anakula, mayi ake anathamanga kukafuna galimoto, mwanayo n'kumusiya pamiyendo pa mlongo wake wamkulu, amene anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Pamene galimoto inkafika, mwana anali atatsirizika pamiyendo pomwepo. Mnyamatayo anali akumugwedezabe kuti agone.

Malemu anatulutsidwa mu Novembala 1986, popanda wowauza chifukwa chimene anawatengera kapena chimene awatulutsira. Khutu lakumanzere linali litafa, lakumanja likungolira ngati muli njuchi. Palibe anali atawauza za maliro. Atafika pakhomo anayang'ana ana awiri, n'kufunsa kuti, “Nanga kamwana kali kuti?” Akazi awo anayankha chapansipansi, mosadziwa kuti aima kumbali ya khutu lakufa. Malemu anafunsanso akumwetulira. Apo mnyamata uja anapita kumanja kwawo n'kukuwa kuti, “Anafa! Inu kulibe, anafa!” Ndinalipo. Malemu anakhala pansi pakhomo pomwepo, ndipo sanalowe m'nyumba mpaka madzulo.

Kuntchito kwawo kwakale anakana kuwalandira. Mu 1987 anapeza malo pa kabekale kena kakang'ono kuseri kwa msika, kumene anagwira mpaka kupuma mu 2009. Kwa zaka zambiri m'nyumba mwawo munalibe wailesi. Sankamwa, sankakalipa, sankadandaula. Akaweruka ankangokhala pawindo dzuwa likamalowa, zala ziwiri zikupotokola bondo la thalauzi. Ukawalankhula ankayankha mwaulemu, koma zinkakhala ngati ukulankhula ndi jekete lopachika pamsomali.

Mu 1995 mlongo wanga, yemwe uja anavutika chifukwa cha wailesi, anabwera nayo ina m'nyumba ataikulunga m'nsalu. Ndinamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Anandiyankha kuti, “Achimwene, ndatopa kuphikira mtembo wopuma.” Madzulo omwewo malemu anamanga waya. Mwana wawo wamwamuna, amene tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, atabwera n'kuona wayayo anaima pakati pa chipinda. Anati, “Chinthu chinapha mlongo wanga mwachibwezanso m'nyumba muno? Sankhani, icho kapena ine.” Malemu sanayankhe. Ena a ife timati sanamve bwino, ena timati anamva koma mawu anawathawa. Mnyamatayo anaona ngati kukhala chete ndilo yankho. Anachoka sabata yomweyo, ndipo chaka chotsatira anatuluka m'dziko muno. Anakapeza ntchito padoko lina lakutali, yotsitsa katundu m'sitima zapamadzi. Ndi mayi ake ndi mlongo wake ankalankhulana. Ndi bambo ake, ayi.

Kuyambira pamenepo kusaka kwa malemu kunasintha. Mapu sanapachikenso. Anayamba kufuna siteshoni imodzi yokha, ya mzinda umene kunali mwana wawo. Inali yofooka, yophimbidwa ndi ina yamphamvu, ndipo inkamveka kanthawi kochepa m'bandakucha, nyengo yozizira yokha. Anaipeza mu 1998. Chinenero cha kumeneko sankachidziwa, koma anapita kwa mphunzitsi wina amene anakhalako, n'kuloweza mawu ochepa: mvula, mphepo, kuzizira, namondwe. Asanapite ku uvuni ankamvera zanyengo. Kenako ankauza akazi awo kuti, “Mayi, kwa mwana wanu kwazizira. Mumuuze avale juzi.” Mlongo wanga akalankhula ndi mwanayo ankamuuza za juzi ngati maganizo akeake, chifukwa akanatchula bambo ake foni ikanadulidwa. Mwanayo ankaseka n'kufunsa kuti amadziwa bwanji. Mayi ake ankati mtima wa mayi.

Atapuma pantchito tinkayesa kuti tsopano asangalala ndi wailesi yawo. Sizinatero. Nyumba zinachuluka, ndipo mababu atsopano ndi matchaja a mafoni anadzaza wailesi ndi phokoso. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha anansi kuti azimitse magetsi kwa kanthawi. Ena ankawamvera chisoni, ena ankawaseka. Anayamba kunyamula wailesi kupita kuseri kwa bwalo la mpira kumene kulibe mawaya. Ngakhale kumeneko masiteshoni anayamba kusowa, imodziimodzi. Ankati khutu ndi limene likutha. Mwana wawo wamkazi atafufuza anapeza kuti masiteshoniwo akutsekedwa, eni ake akusamukira ku FM, imene sifika kutali. Zonse ziwiri zinali zoona. Mu 2017 siteshoni ya kudoko ija nayo inazima. Malemu anaifunafuna nyengo yozizira yonse. Kale mwana wawo wamkaziyo akawauza kuti masiteshoni amamvekanso pa foni ankanyoza, amati kumeneko n'kugula nsomba pamsika n'kumadzitcha msodzi. Koma chifukwa cha siteshoni imeneyi anameza mawu awo n'kupempha foni. Anaiika pakhutu, naitembenuza, naiikanso. Mawu a foni anali oonda kwambiri kwa khutu lawo. Pofika 2019 sankamvanso kanthu, ndipo tinkalankhula nawo polemba papepala.

Mu Okutobala 2023 anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi. Pa 11 Januwale 2024 anagwa m'bafa, ndipo madokotala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanzere inafa, pakamwa panapotoka, koma nzeru zinalipo. Anagonekedwa pabedi la pafupi ndi khomo la wodi, akazi awo akugona pansi pambali pawo.

Mwana wawo wamkazi anachonderera mlongo wake mpaka misozi kuti aimbe foni. Kuti bambo awo anagontheratu sanamuuze, poopa kuti apeza chifukwa chokanira. Pa 27 Januwale masana foni inalira. Mwana wamkaziyo analemba papepala kuti, “Ndi achimwene,” n'kuwaonetsa. Malemu anayang'ana pepalalo kwa nthawi, kenako analoza khutu lakumanja. Foni itaikidwa pakhutupo, anayamba kunena ndi pakamwa pawo popotokapo kuti, “Ndikukumva mwana wanga. Lankhula, ndikukumva.” Anabwereza mawu omwewo kangapo. Mwana wa kudokoyo analankhula nthawi yaitali. Ife tinaima pamenepo tinkangomva kamawu kakang'ono kakutuluka pakati pa foni ndi tsaya lawo. Kaya kunali kulira, kaya kukalipa, sitinathe kusiyanitsa. Foni itaduka malemu sanadziwe. Anapitiriza kugwedeza mutu mpaka mwana wawo wamkazi anaichotsa. Apo anamuyang'ana n'kufunsa kuti, “Wati chiyani?” Iye anagwira cholembera, koma analibe choti alembe. Tinayesa kuimbanso, foni sinayankhidwe. Malemu anatisiya pa 29 Januwale 2024, m'mawa, ali ndi zaka 72.

Uthenga wa maliro tinatumiza, ndipo tikudziwa kuti unafika. Mwana wawo wamwamuna sali pakati pathu. Mayi ake andipempha kuti ndinene mawu awa pamaso pa nonsenu, popeza mwambo uno ukujambulidwa ndipo adzautumiza kwa iye. Mphwanga, palibe pano amene akukuweruza. Chimene unanyamula pamiyendo pako uli mwana, ife akuluakulu sitinachinyamule. Koma uyenera kudziwa zoona. Za juzi zija sanali mayi ako, anali bambo ako. Ndipo tsiku lija unaimba, bambo ako sanamve ngakhale liwu limodzi. Anati akukumva kuti usadule foni. Zimene unanenazo, zokhululuka kapena zodzudzula, zikadali ndi iwe wekha. Mayi ako ali moyo, makutu awo onse ndi abwino. Bwera udzawauze.

Malemu asiya mkazi, ana awiri ndi zidzukulu zisanu. Ziwiri mwa izo, za kudoko, sanazionepo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, makamaka namwino uja amene ankaleza mtima n'kumawalembera chilichonse papepala asanawabaye jekeseni. Tikuthokoza anzawo a ku uvuni amene anyamula bokosi, oyendetsa galimoto amene anawatengera kuchipatala, amene akonza manda, ndi anansi onse amene mwakhala ndi mlongo wanga masiku ano. Tikuthokozanso inu amene kale munkazimitsa mababu anu nkhalamba ikagogoda, ngakhale simunkamvetsa chifukwa chake.

Alamu anga, a Khutu, munavutika mokwanira. Pitani bwino, ndipo mzimu wanu ukapeze mpumulo ndi mtendere.