Tambala wa Elia ndi Mzungu wa ku Khonsolo

Zaka zimenezo, chapakati pa ma 1990, Amalawi kuno ku Birmingham tinali ochepa moti ukamva munthu akuyankhula Chichewa m'basi umatsika naye limodzi, ngakhale kumene akupita sukukudziwa. Tamanda, ika kaye foniyo pansi, ndipo anzakowa akhalenso. Ndamva kuti nkhuku za pa chinkhoswe chako mwaoda zootchaotcha, ndipo ine sindikudandaula ayi, koma uyenera kudziwa mmene malemu bambo ako anavutikira ndi tambala kuti akwatire mayi ako.

Ine ndi Elia, bambo akowo, tinkachita lendi kanyumba kamodzi ku Lozells, mwa nyumba zogundizana zija zoti woyandikana naye akayetsemula iwe umayankha kuti pepani. Ine ndinkagwira ntchito mu labu ku chipatala chachikulu ku Edgbaston, iye ankaphunzira za chuma pa yunivesite, ndipo kumeneko n'kumene anakatola matenda ake. Anawerenga mabuku a anthu onena kuti boma lizikhala laling'ono, munthu azichita zofuna zake malinga ngati sakupweteka mnzake, ndipo basi mutu unatembenuka. Ukamuuza kuti amange lamba m'galimoto, amakufunsa kuti, "Chifuwachi n'cha ndani, changa kapena cha boma?" Atamva kuti kuno TV imafuna laisensi, anaigulitsa tsiku lomwelo, ndipo madzulo tinkangoyang'anana ngati akadzidzi. Koma pamene ankapengera zenizeni ndi pa wailesi akayamba zoti dziko likutentha. "Kutentha kwake kuti? Ine ndagona ndi masokosi chaka chonse! Awa akungofuna podyera, atikhomere msonkho wa mpweya. Apite ku Nsanje mwezi wa Okutobala akaone chimene chimatchedwa kutentha."

Sekani, koma musaseke kwambiri, ana inu. Ife tinakulira m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sumalowa mumsika wopanda khadi, mwamuna watsitsi lalitali amametedwa mokakamiza, ndipo mayi ako akanavala thalauza ngati lakoli akanagona kupolisi. Agogo ako aamuna, bambo ake a Elia, anali aphunzitsi, ndipo m'mawa wina anthu anagogoda pakhomo n'kuwatenga chifukwa cha mawu ochepa amene ananena mu sitafu rumu. Anabwerako patapita zaka, mano atatha, osafunanso kuyankhula ndi munthu. Ine ndinkazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake Elia akayamba kulalikira ndinkangomuthirira tiyi.

Ndiye anakumana ndi Esinati, mayi akowo, amene ankamaliza maphunziro a unamwino ndipo akanabwerera ku Zomba chaka chomwecho ngati za ukwati zikanalephereka. Malume awo, a Kamwendo, ankagwira ntchito mu weyahausi ku Telford, mkulu wa mpingo, munthu woti akaseka umafunsa kuti chalakwika n'chiyani. Ine monga nkhoswe ya Elia ndinapita kukakambirana nawo. Mukudziwa kuti pa chinkhoswe akuchimuna amabweretsa tambala, akuchikazi thadzi, ndipo ankhoswe amasinthana. Ndinati, "Bambo, poti tili kunja kuno, bwanji tingogula nkhuku ya m'shopu?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Nkhuku yopanda mutu, yopanda zipalapaso, yovala pulasitiki? Ndidziwa bwanji kuti ndi tambala? Ndikufuna wamoyo, ndimumve akulira ndi makutu angawa. Apo ayi, mwanayu akwera ndege."

Tinakwera sitima mpaka kumidzi ya ku Shropshire, kwa mlimi wina amene anali ndi atambala awiri okha. Atatulutsa wakuda, Elia anadumpha ngati waponda moto. "Wakuda ayi!" Mlimi uja sanamvetse, koma ife tinkadziwa kuti tambala wakuda ndi amene anali pa makhadi a chipani aja. Tinatenga wofiira, wamwano, wa lipombo lalikulu, n'kumuika kuseri kwa nyumba.

Chimene sitinaganize n'chakuti kuno nthawi yotentha kumacha anthu atangogona kumene. Tambala uja akangoona kuwala pang'ono amayamba ntchito, ndipo mawu ake amamveka msewu wonse. Woyandikana nafe anali mayi wachikulire wa ku Jamaica amene ankagwira ma shifiti othera pakati pa usiku, ndipo anabwera mwaulemu kudzatipempha, kenaka anabweranso maso ali psuu, ndipo pomaliza anatiuza yekha kuti wakadandaula ku khonsolo. Elia anapsa mtima. "Tambala wanga, pa malo amene ndikulipira ine, boma likulowererapo chiyani?" Ndinamukumbutsa kuti mabuku ake omwe amati malinga osapweteka mnzako, ndipo mayiwa sakugona. Iye anangoti, "Phokoso silitupitsa munthu, achimwene."

Komabe chikumbumtima chinamugwira, ndipo anakumbukira nzeru ya kumudzi yoti tambala ali mumdima sadziwa kuti kwacha. Anamukweza kudenga, mu lofiti, pansi penipeni pa matailosi. Tsono chaka chimenecho kunatentha modabwitsa, udzu m'mapaki unauma kuti gwaa, ndipo anthu analetsedwa kuthirira maluwa ndi paipi. Ndinati, "Achimwene, kumwambako masana kumakhala ngati uvuni."

"Mwayamba kumvera wailesi inunso? Dzuwa la ku Mangalande lingaphe tambala? Nkhuku za ku Chikwawa zikanatha kalekale."

Lachisanu masana, mawa lake chinkhoswe, anakwera kukamupatsa chakudya. Ndinangomva kuti, "Mayo ine!" ndipo anatsika makwerero thukuta lili kamukamu, tambala ali m'manja, khosi lili lende, maso otseka, lipombo litafota. Anamugoneka pansi m'khitchini n'kunena ndi mawu ang'onoang'ono kuti, "Achimwene, ukwati wanga wafa." Ukuti "no way", Tamanda? Ndinalipo ine! Ndipo kumbukira kuti kwa mlimi kuja kunatsala wakuda yekha.

Apo m'pamene ndinakumbukira zimene amayi anga ankachita mwanapiye akakomoka, kumuvundikira ndi beseni n'kumaliomba mpaka atsitsimuke. Munthu wa mu labu ine, wa madigiri, ndinatenga sefuliya yathu yaikulu, tinamuvundikira, ndipo tinagwada awiri tonse ndi masipuni m'manja. Ngo! Ngo! Ngo! Elia ankaomba ngati ali kudambwe, uku akufuula kuti, "Dzuka, iwe! Dzuka, usandichititse manyazi ku Telford!" Anthu oti atidandaula chifukwa cha phokoso, ife tinali titatsegula bandi.

Kenaka pakhomo panagogoda munthu. Kugogoda kwake kunali kwa boma, kosafulumira, kosakayika.

Ana inu, ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Elia, munthu wolalatira wailesi tsiku ndi tsiku, anangouma pomwepo. Sipuni inagwa, ndipo maso ake anapita pa khoma la kuseri ngati akuyeza ngati angalidumphe. Ndinamva chisoni kwambiri. Ndinatsegula ine, ndipo panja panali kamzungu ka ku khonsolo, kakafupi, kadazi, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo mawu ake oyamba anali kupepesa chifukwa chotisokoneza, kenaka anafunsa ngati tingamulole kulowa.

Kupempha chilolezo kumeneko n'kumene kunamubwezera Elia mawu. Anaimirira, anakonza kolala, ndipo anayamba. Anamuuza mzungu uja, m'Chingerezi cha m'mabuku, kuti munthu amabadwa ndi ufulu wake ndipo boma silimupatsa koma limangomulanda, kuti lero abwerera tambala, mawa adzabwerera poto, mkuja adzabwerera maganizo a m'mutu, ndipo za kutentha kwa dziko anaziikamonso ngakhale panalibe amene anazifunsa. Mzungu uja ankangogwedeza mutu uku akupukuta dazi. Elia atapuma kuti akoke mpweya, iye anafunsa modekha kuti tambalayo ali kuti.

"M'nyumba muno mulibe tambala wolira," anatero Elia, ndipo kunena zoona sanali kunama.

Nthawi yomweyo sefuliya inagwedezeka. Inasuntha pang'ono, kenaka inayamba kuyenda yokha kulowera kumene kunali mzungu uja, ndipo mkati mwake munamveka kokoliliko wosasa, wa munthu wobwerera kumanda. Elia anaiwala boma, anaiwala ufulu, anandikumbatira n'kumadumpha akufuula kuti, "Wadzuka! Esinati sakupita!" Mzungu uja anavundukula sefuliya, anayang'ana tambala, ndipo anati mbalameyi ili ndi ludzu, tiipatse madzi, agogo ake ankaweta nkhuku. Anagwada yekha pansi n'kumamwetsa tambala wathu ndi kapu yanga ya tiyi.

Kenaka anati tambalayo sangapitirize kukhala pano. Ndinamufotokozera kuti mawa akupita ku Telford kukakwatitsa munthu. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti Telford si dera lake, anatifunira ukwati wabwino, anagwira Elia chanza, n'kumapita.

Chitseko chitatsekedwa Elia anakhala pa makwerero, ndipo ndinkaganiza kuti akuseka, koma anali akulira. "Achimwene, ndalalatira boma m'nyumba mwanga, ndipo landigwira chanza n'kupita. Bambo anga sananene ngakhale theka la zimene ndanena inezi." Ine ndinangokhala naye pambali tambala akujompha zingwe za nsapato zathu.

Madzulo omwewo anapita yekha kwa mayi wa ku Jamaica uja kukapepesa, ndipo anawaitanira ku chinkhoswe. Anabwera, ndipo anavina kuposa tonse. Tambala anayenda m'katoni, ndipo atamuika pamaso pa a Kamwendo analira kamodzi, mokweza, a Kamwendo n'kunena kuti, "Eya, ameneyu ndi tambala." Anatipatsa thadzi lathu. A Kamwendo anafuna kumuweta tambala uja kuti azikumbukira kwawo, koma anthu a ku Telford nawonso amakonda tulo, ndipo sabata isanathe anali mu mphika.

Musaganize kuti bambo ako anasintha. Mpaka tsiku lomaliza ankati boma lizichepa, ndipo ukamukumbutsa za kutentha amati dziko silinatenthe, inatentha ndi lofiti yokhayo. Koma fani anagula, ndipo ankaibisa alendo akabwera. Iwe Tamanda lero umapita ku zionetsero za nyengo ndi chikwangwani m'manja, ndipo akanakhalapo akanatsutsana nawe mpaka tiyi kuzizira, koma ndikulumbira kuti akanakuperekeza yekha pa galimoto n'kukudikira panja, akunyadira kuti mwana wake akulalatira boma masanasana.

Choncho odani nkhuku zanu zootchazo, ine ndidzadya ndithu. Tsutsanani ndi boma pamene lalakwa, koma muzikumbukiranso woyandikana nanu amene akufuna tulo. Ndipo ndinaona muja pakhomo patagogoda munthu, palibe mmodzi mwa inu amene anadzidzimuka, munangokuwa kuti ndi wa pitsa n'kupitiriza kuseka. Bambo ako, ndi phokoso lake lonse lija, ankafuna zomwezo basi.