Chisoso cha m'mapapo a Tadala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine make Tadala wa ku Chinsapo. Ndikufuna ndikuuzeni za chimfine, inde chimfine chomwechi timachiderera, chimene chinatsala pang'ono kundilanda mwana.

Tadala anabadwa masiku asanakwane, kamwana kopepuka ngati mtolo wa masamba. Titangotuluka m'chikuta, anthu anayamba kubwera kudzaona mwana: a kutchalitchi, anzanga a kumsika, oyandikana nawo nyumba. Apongozi anga, amene anachokera ku Dedza kudzandithandiza, chimwemwe chinawapitirira. Mlendo asanakhale n'komwe pansi, mwana ali kale m'manja mwake. Wina akutsokomola, wina wangomina kumene n'kupukutira pachitenje, dzanja lomwelo n'kumugwira nalo patsaya. Ine ndinkafuna kuwaletsa. Koma apongozi akati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe," ine ndikanayankha chiyani?

Kunayamba ndi timamina. Kenaka Tadala anakana bere. Tsiku lina m'mawa ndikumusambitsa ndinaona nthiti zikulowa m'kati akamapuma, milomo itayamba kuda. Ndinakwera kabaza ndili chosavala nsapato, apongozi akutsatira pambuyo.

Kuchipatala anamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Ine pansi sipankakhalika. Ndinkangoti ndapita pazenera, ndabwerera pabedi, ndatuluka pakhonde, ndalowanso. Kupemphera kunkandikanika. Ndinakwiya, abale, ndinakwiyira Mulungu ndi apongozi omwe. Ndinakakamira namwino wina kuti amubaye jakisoni wamphamvu, basi zithe.

Namwinoyo, mayi wachikulire ndithu, anandigwira dzanja n'kundikhazika pabenchi pafupi ndi apongozi.

"Amayi, chisoso mumachidziwa? Njere zake zili ndi timinga. Pakhungu sizigwira, koma pachitenje zimakakamira. Kachilombo kamene kadwalitsa mwana wanuyu nakonso kali ndi timinga take. Maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, a m'mphuno ndi m'mapapo ali ndi tinthu pamwamba pake pamene timingato timakola ndendende. Kakakola, selo limakalowetsa m'kati, iko n'kuyamba kuswana. Padzanja kamangokwera matola, kudikira kuti mukafikitse pamphuno. Jakisoni amene mukufunayo ndi wa tizilombo tina, mabakiteriya, aka sakakhudza. Ife tikumuthandiza kupuma pamene thupi lake likupanga chitetezo chophimba timingato kuti tisakolenso."

Apongozi anayang'ana zikhato zawo. Ine ndiye ndinapeza chopempherera. Mawu ambiri ndinalibe, ndinkangobwereza kuti, "Ambuye, phimbani timingato." Ndikuyendayenda m'khonde, ndikuchapa matewera, ndikufinya mkaka woti amupatse kudzera m'kapaipi, pemphero linali lomwelo. Masiku ena Tadala ankaoneka bwino, mawa lake n'kubanikanso, ine n'kuyambiranso kuzungulira.

Ndiye masana ena ndinamva kamwana kanga kakulira mokweza, kulira kwa njala kwenikweni. Namwino uja anati ndimuyese bere. Analigwira, abale! Anayamwa mpaka thukuta pachipumi. Ndinalira ngati pamaliro chonsecho ndikuseka, ndipo apongozi anagwada pasimenti pomwepo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi woti ngakhale dzina lake sindinafunse. Inu amene muli ndi wodwala lero, musafooke. Thamangirani kuchipatala, ndipo pempheranibe ngakhale mawu atatsala atatu okha.

Titabwerera kunyumba, apongozi anaika ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo, iwo n'kukhala pampando pambali pake ngati mlonda. Lamlungu lotsatira kunabwera amayi busa athu, manja atatambasula kale kuti anyamule mwana amupempherere. Asanaponde pakhonde anayetsemula.

Apongozi anaimirira n'kutseka khomo ndi thupi lawo.

"Pepani Amayi, pemphererani pomwepo. Mulungu si gonthi."