Chimene Amayi Ankakachita ku Loji

Moni abusa, moni amayi busa, akulu a mpingo, makolo anga ndi anzanga nonse, m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya. Mawu anga akamanjenjemera mundikhululukire, sindinaimepo kutsogolo kuno. Ndine Thokozile, uja amabisala kumbuyo kwa kwaya, mwana wa amayi aja ogulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale zija, ku Kapata. Ndikufuna kuchitira umboni. Amayi andilola. Ndawafunsanso pakhomo pa tchalitchi pomwepa, ndipo ati, "Kanene zonse, ndatopa nako kubisa."

Chaka chatha ngati nthawi ino amayi sankatha kuyenda kuchoka kunyumba kufika pano. Mukukumbukira. Maondo anali otupa, bipii inali yokwera, potsika pa njinga tinkachita kuwagwira. Anzawo akamagwada popemphera, iwo ankatsala pa benchi, mutu pansi. Chimwalirire atate, ine ndili ndi iwo okha. Ndiye ndikamva akubuula podzuka, ndinkathamangira kukawagwira.

Ku kiliniki anesi anawauza kuti azilimbitsa thupi. Amayi anati, "Ndithamange ndi maondo ati?" Anesi aja anati, "Ndiye lowani m'madzi. Madzi amanyamula thupi, maondo amapuma." Ndi omwewo amene anawauza za loji ina kumtunda kwa tauni, sinditchula dzina, imene ili ndi dziwe losambiramo. Kumeneko kuli gulu la akuluakulu osambira, ndipo Lachitatu madzulo ndi Loweruka m'mawa dziwe limakhala la amayi okha, chifukwa amayi achisilamu a m'mashopu anapempha choncho.

Gululo lili ndi kachitidwe kake. Chaka chikamayamba, aliyense amasankha malo amene akufuna kukafika. Ukasambira, mtunda wako amauphatikiza, ndipo pakhoma pali mapu, aliyense ali ndi kapini kake kamene akochi, ophunzitsa kusambira, amakasuntha. Pofika Disembala uyenera kukhala utafika. Ena anasankha ku Katete, mayi wina wamphamvu anasankha ku Petauke. Atafunsa amayi anga, anati, "Ine kwathu ku Chiparamba." Onse anaseka. Wina anati, "Amake Thoko, kumeneko si kongokwera njinga?" Amayi anati, "Sekani. Papita nthawi ndisanapondeko."

Ntchito yanga inali yowerenga. Ndinkakhala m'mphepete ndi zitini ziwiri ndi njere za chimanga. Amayi akapita tsidya n'kubwerako, njere imodzi gwe m'chitini china. Pomaliza ndinkapereka chitini kwa akochi.

Abale, musaganize kuti zinali zokoma. Tsiku loyamba amayi analowa m'madzi ndi chitenje. Inde, chitenje, pamwamba pa kabudula ndi sikipa. Akochi, mayi wachitsikana woleza mtima, anati, "Amayi, chimenecho chikukulungani miyendo." Amayi anati, "Ine ndine mayi wa mpingo, sindingaonetse ntchafu." Sanafike n'komwe pakati, chitenje chinawakulunga, anamwa madzi, akochi anachita kudumphira. Tsiku limenelo m'chitini simunagwe njere ngakhale imodzi. Tinatha mwezi tikukangana za chitenje, mpaka amayi achisilamu aja anawabweretsera buluku lalitali lothina lofika m'mapazi. Apo ndiye anayamba kuyenda, kusambira kwawo kwa kumudzi kuja, mutu pamwamba, miyendo phuvu phuvu ngati ali kumtsinje.

Tayamba bwino, malaiti anayamba kuzimazima. Pampu yaima, madzi asanduka obiriwira, tabwerera pageti. Tapitanso, akadali obiriwira. Kwabwera Juni, madzi kuzizira ngati a m'firiji, amayi akutuluka milomo ili gwagwagwa. Kapini ka anzawo kakuthamanga, ka amayi kakukwawa pafupi ndi tauni pomwepa. Koma maondo anayamba kuphwa. Ndinaona ndi maso anga, tsiku lina anawerama okha kutola sopo.

Tsopano ndifike povuta. Amayi anandiletsa kuuza munthu. Anati, "Iwe Thoko, mayi wamkulu ngati ine, anthu amve kuti ndimavula n'kumasewera m'madzi ngati mwana? Ukangotsegula pakamwa, tiyambana." Ngakhale zovala zosambirira sankayanika panja. Ankayanika kuchipinda, kuseri kwa chitseko, nyumba yonse kununkha chinyontho.

Koma geti la loji lili pamsewu. Anthu ali ndi maso. Anaona mayi wamasiye akulowa ku loji ndi chikwama, akutuluka atasamba, atadzola, maso ofiira, akuyenda mopepuka. Nanga munthu aganiza chiyani? Palibe amene anabwera kudzafunsa. Palibe, abale, ngakhale mmodzi. Nkhani inangoyamba kuyenda, kumsika, kumpopi, mpaka inalowa muno. Sinditchula munthu, amayi andiletsa, ndipo ine ndakhululuka, kapena ndinene kuti ndikuyesetsa. Ankati, "Amake Thoko apeza wowasamala." Ankati, "N'chifukwa chake akuwala masiku ano." Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankati, "Amatenga ndi mwana yemwe, akumuphunzitsa ntchito." Ine! Ine amene ndinkakhala padzuwa ndi chitini cha chimanga! Kusukulu anyamata anayamba kundiitana kuti "wa ku loji." Ndinkangoyang'ana pansi. Yankho ndinali nalo, lili pakhosi pomwepa, koma ndinali nditaletsedwa.

Lachinayi lina amayi anapita kumsonkhano wa amayi. Atakhala pa benchi, amene anali pambali pawo anasuntha. Wina anasunthanso. Amayi anabwera kunyumba, anatenga buluku lija n'kuliponya pansi pa bedi. Anati, "Basi. Kuli bwino ndife ndi maondo anga kusiyana ndi kufa ndi manyazi."

Ndinawachonderera. Ndinati, "Amayi, tingowauza zoona." Anati, "Kuti andisekenso kawiri?" Ndinati, "Nanga ku Chiparamba?" Anati, "Chiparamba sichithawa."

Anasiya. Ogasiti anadutsa, Seputembala anadutsa. Maondo anatupanso, kuposa kale. Ine ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo za mumtima, poti kulankhula kumandivuta. Masiku amenewo ndinkalembamo mokwiya, ndipo abusa mundikhululukire, ndinkakwiyira Mulungu. Ndinkati, Ambuye, mwatipatsa mankhwala, ndiye mwalola kuti anthu anu omwe atilande? Ndinkabwera muno Lamulungu, ndikuyang'ana misana ya anthu akuimba mokoma, ine nyimbo osatuluka. Ndinkati, awa akuimbawa ndi amene akundiphera amayi. Ndinatopa, abale. Ndinatopa ndi kupemphera, ndinatopa ndi kukhala chete, ndinatopa ndi amayi omwe ndi manyazi awowo.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza anyamata awiri a njinga pakhomo pathu. Amayi analephera kudzuka pa salaula pawo, mutu unazungulira, anachita kuwanyamula. Ndinawapeza atagona pamphasa, akupumira m'mwamba, akundiuza kuti, "Si kanthu, usalire." Atate nawonso ankanena choncho.

M'mawa mwake sindinapite kusukulu. Ndinapita kunyumba ya abusa. Amayi busa ali apa, anene ngati ndikunama. Ndinaima pakhomo, odi osatuluka. Iwo anali akuchapa, anandiona, anati, "Thoko, kwagwanji? Lowa." Ndinagwada. Kenaka zinangotuluka zokha. Ndinati, "Amayi anga alibe mwamuna ku loji. Amasambira."

Anati, "Amatani?"

Ndinati, "Amasambira. M'madzi. Akupita ku Chiparamba."

Anandiyang'ana ngati ndadwala mutu. Ndinafotokoza zonse, za anesi, za mapu, za chimanga, za chitenje. Pa chitenje paja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenaka anasiya kuseka, anapukuta manja, anati, "Nanenso ndinamva, mwana wanga, ndipo sindinapite kukafunsa. Pita kunyumba."

Loweruka m'mawa tinangomva, "Odi kuno!" Amayi busa, atavala yunifolomu yonse ya amayi, duku loyera, ambulera m'manja. Anati, "Amake Thoko, tengani chikwama chanu chija." Amayi anandiyang'ana diso limene sindidzaiwala. Anati, "Iwe, pakamwa pako pamakhala potseka chaka chonse, lero patsegukira ine?" Amayi busa anati, "Mwanayo musiyeni. Tiyeni, ndipo tidzera kumsika."

Tinadzeradi kumsika, amayi pa njinga, ife pambali. Aliyense amene tinakumana naye, amayi busa ankayamba ndi iwo kupereka moni, mokweza. "Mwauka bwanji? Ife tikupita ku loji!" Kumpopi chimodzimodzi. "Tikupita ku loji, kodi simubwera?" Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje, ine ndinkafuna nthaka indimeze. Tinalowera pageti lalikulu, anthu akuona.

Amayi busa anakhala pampando m'mphepete mwa dziwe, anandilanda zitini. Koma abusa, akazi anu sadziwa kuwerenga chimanga. Amayi akafika tsidya, iwo aimirira, akufuula, "Limbikani, Amake Thoko!" njere kuiwala. Ndinkachita kuwakumbutsa. Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse ankabwera, ndipo nkhani ija inafa yokha. Palibe amene anabwera kudzapepesa, koma pa benchi anasiya kusuntha.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti amayi anafika. Sanafike. Analimbikira Okutobala, Novembala, mvula ikugwa iwo ali m'madzi, koma Disembala atatha kapini kawo kanaima panjira, Chiparamba chili patsogolo pang'ono. Anzawo analandira masatifiketi, iwo ayi. Akochi anati, "Mukanapanda kusiya miyezi ija, mukanafika n'kubwerako." Kunena zoona zimandiwawabe. Miyezi imeneyo sanatilande ndi matenda ayi, ndi pakamwa pa anthu.

Koma tamverani chimene Mulungu anachita. Sabata yatha tinakwera minibasi kupita kumudzi. Tili m'njira amayi anafunsa, "Thoko, kapini kanga kanaima pati?" Ndinayang'ana panja, ndinati, "Chapompano, pamene papatukira msewu wafumbipa." Anagogoda galimoto. Kondakitala anati, "Amayi, simunafike, kukadali kutali." Anati, "Ndikudziwa, mwanawe. Nditsitse."

Tinatsika. Anamanga chitenje, anasenza chikwama, anayamba kuyenda. Ine ndili pambuyo, ndikudikira kuti akhala pansi tsopano apa, akhala pansi tsopano apa. Sanakhale. Anadutsa minda, anakwera kachitunda, akundiuza kuti, "Fulumira iwe, ukuyenda ngati nkhalamba." Titafika, amayi aakulu, achemwali awo, anatuluka m'munda akuthamanga, anati, "Galimoto yafera kuti?" Amayi anati, "Sinafe. Kwina ndasambira, kwatsalako ndayenda."

Lero m'mawa achoka ku Kapata wapansi mpaka pano, ndipo pa pemphero loyamba lija agwada. Ndinatsegula diso limodzi, ndinawaona.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga amayi anga. Ndikuthokoza amene anatsegula pakamwa panga tsiku limene ndinkaopa kwambiri. Zikomo amayi busa. Chaka chino amayi anga alembetsanso, akuti ulendo uno ndi wa ku Katete, ndipo Loweruka dziwe ndi la amayi okha, geti lake mukulidziwa kale.

Amayi, imirirani anthu akuoneni. Musabise nkhope, mwandilola nokha. Imirirani. Mwaona? Palibe wawagwira dzanja. Abale, ngakhale inu amene munasuntha pa benchi, kondwerani nane, ombani m'manja, amayi aimbe nthungululu, chifukwa ine ndikadali ndi mayi. Aleluya! Amen.