Kansalu kofiira pakhosi pa galu

Anzanga omvera, ndine mayi wa ana awiri, ndikhala ku Kanyama. Mafakitale atayamba kuchotsa anthu ntchito, ambiri anasamuka n'kusiya agalu awo akungoyendayenda. Galu wina analuma mwana wanga wamkazi pampopi. Tinakhala milungu ingapo mtima uli m'mwamba kuopa chiwewe, chifukwa palibe amene ankadziwa ngati galuyo anabayidwa katemera.

Mwana atachira, ndinayenda khomo ndi khomo kuitana eni agalu kuti tiyambe kalabu. Lamulo lathu ndi limodzi: timapita pamodzi kukabayitsa agalu, ndipo wobayidwa ndimamumanga pakhosi kansalu kofiira kong'amba ku chitenje changa. Ana akaona galu wopanda kansalu, amapatuka.

Ba landilodi anga, eni nyumba imene ndikhalamo, anandiseka pagulu. "Amake mwana, anthu afa na njala, imwe muvalika agalu? Mukawasonkhanitsanso pano, mufune nyumba ina." Ndinalibe kopita, koma sindinaleke. Tinayamba kukumana kuseri kwa msika.

Kenako kunamveka kuti kukubwera oombera agalu osabayidwa. M'mawa mwake ba landilodi anafika pakhomo panga akukoka galu wawo. "Mayi, ng'ambaniko kansalu, adzadziwa ndani? Kumbukirani mukhala m'nyumba ya ndani."

Ndinati, "Bambo, ngakhale adzukulu anu amakhulupirira kansalu aka. Katundu wanga tulutsani, koma kunamiza ana ndakana."

Loweruka ba landilodi anali pamzere wa katemera, chingwe kumanja, osandiyang'ana n'komwe. Galu wawo atabayidwa, ndinamumanga kansalu monga ndimangira wina aliyense. M'nyumba muja ndikadalimo.