Mayi Rozaria Kaliati, Amene Sadasutepo Fodya

Anamfedwa anzanga, amene agona patsogolo pathuwa ndi Mayi Rozaria Kaliati. Adabadwa m'chaka cha 1959 ku Nkhulambe, ndipo makolo athu adasamukira nawo kuno ku Chilwa akadali kumsana, kutsata dambo la mpunga. Amene ndikuwerengane ndine Fyness, mng'ono wawo. Mundikhululukire ndikamadodoma, chifukwa zina zalembedwa apazi ngakhale ife olembafe sitikuzimvetsa.

Sukulu adalekezera Sitandade 4. Sikuti mutu udali wouma ayi, koma madzi akasefukira njira inkaduka miyezi itatu. Komabe buku la nyimbo ankaliwerenga bwinobwino.

Mu 1979 adakwatiwa ndi Bambo Tobias Kaliati a ku Chiringa, amene adabwera pa njinga kudzagula matemba n'kuiwala njira yobwerera kwawo. Udzudzu wa kuno mukuudziwa nonse, ulibe manyazi. Chaka chachiwiri cha banja, malungo adawalanda mwana wawo woyamba, ndipo malemuwa nawonso adatsala pang'ono kupita. Kuyambira pamenepo alamu athuwa, amene kale ankasutira chingambwe chawo pakhonde, adayamba kusutira m'nyumba. Dzuwa likapendeka ankatseka chitseko ndi zenera, n'kumauzira utsi m'ngodya zonse mpaka kuchipinda, kuti udzudzu usawalumenso akazi awo. Malemuwa ndi amene ankawapichirira fodyayo m'makoko a chimanga. Maneti atabwera, chizolowezi sichidachoke. Ife tinkachita nsanje ndithu, tinkati achemwali adapeza mwamuna wowasamala.

Moyo wawo wonse adali mlimi wa mpunga, ndipo ndi mpungawo adaphunzitsa ana anayi. Pa tchalitchi chathu cha Katolika adaimba kwaya zaka makumi atatu. Mowa sadaulawepo, fodya wa m'mphuno yemwe sadamukhudzepo. Mtsikana wa kwaya akapezeka ndi ndudu, ankamukalipira mpaka misozi.

Chifuwa chidayamba mu 2022. Poyamba adangosiya kuyambitsa nyimbo, akuti mpweya ukuwathera pakati pa mzere. Tidati ndi fumbi la mpunga. Kenako tidati ndi TB, koma makhololo adayezedwa kawiri osapezeka kanthu. Ena m'banja muno adayamba kuloza anthu zala, ndipo lero tikupepesa poyera kwa amene tidawaganizira zoipa.

Mwezi wa Febuluwale chaka chino adawajambula chifuwa kuchipatala chachikulu. Adokotala atayang'ana chithunzicho adafunsa kuti, "Amayi, mwasuta zaka zingati?" Malemuwa adaseka mpaka kutsokomola, nafenso tidaseka, tinkayesa asokoneza mapepala. Adokotalawo sadaseke. Adafunsa ngati m'nyumbamo muli wosuta, ndipo a Tobias, osadziwa kanthu, adafotokoza monyadira za chitseko, zenera ndi udzudzu. Pamenepo tidauzidwa kuti ndi khansa ya m'mapapo, kuti utsi wa nkhuni udathandizirako, koma kuti munthu wokhala m'nyumba yotseka ndi wosuta naye amakhala akusuta.

Abale, mutu wathu sukugwirabe. Wosuta ndi uyu wakhala apayu, amapalasabe njinga mpaka ku Chiringa. Wosasuta ndi amene ali m'bokosi. Zimatheka bwanji? A Tobias adafunsa adokotala katatu, adakafunsa abambo mfumu, adandifunsa ngakhale ine mbuli. Chimene ankafuna kudziwa ndi chimodzi: kodi adawateteza akazi awo, kapena adawapha? Palibe adawayankha zowakhutiritsa, ndipo malemuwa akamva funsolo ankangoti asiye kudzizunza.

Lachiwiri lapitali, dzuwa likupendeka, malemuwa adapempha amuna awo kuti atseke chitseko asute pang'ono, akuti popanda fungolo nyumba ikumveka ngati ya eni. Zaka makumi anayi ndi zisanu a Tobias sadawakanizepo kanthu. Tsiku limenelo adakana, akulira. Adatsekula zenera, n'kukhala pamphasa kumawaingitsira udzudzu ndi kansalu. Lachitatu m'mawa achemwali adatisiya.

A Tobias sangathe kuyankhula lero, ndiye andituma mawu awa kwa amuna anzawo a m'mbali mwa nyanja muno, amene ambiri adatengera nzeruyi kwa iwo: "Tsekulani zitseko. Ine ndinkati ndikuthamangitsa udzudzu."

Malemuwa asiya amuna awo, Bambo Tobias Kaliati. Ana aakazi atatu, Alesi, Patricia ndi Madalo. Mwana wamwamuna mmodzi, Nickson. Zidzukulu khumi ndi chimodzi. Ndi ife ang'ono awo awiri.

Mpweya umene udawasowa kuno, Ambuye akawapatse wokwanira kuimba nyimbo mpaka kumapeto. Apumule mu mtendere.